Makala m'munda, udzu osafa: zoyenera kuchita biochar akagwira mankhwala amene mwapopera

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, pali dandaulo limene ndimalimva mobwerezabwereza kwa alimi anzanga a kuno ku Chipata, ndipo ndalimvanso ku Katete ndi ku Chadiza. Munthu anapopera mankhwala opha udzu atangobzala monga amachitira zaka zonse, mvula inagwa yokwanira, koma mwezi usanathe munda wadzala chisoso ndi bonongwe ngati sanapoperemo kanthu. Ukafunsitsa, kawirikawiri umapeza kuti chaka chimenecho anathira makala m'nthaka, aja amene alangizi amawatchula kuti biochar, kapena kuti moto wa osaka mbewa unadutsa m'mundamo n'kusiya mapesi atapsa mosatheratu.

Ine vutoli linandigwera pa lima imodzi (kota ya hekitala) ya chimanga. Ndinatentha zitsononkho ndi makoko a nshawa m'dzenje, ndinasinja makalawo mumtondo, kenako ndinawamwaza pamwamba pa nthaka osafotsera, poganiza kuti mvula idzawalowetsa yokha. Mvula yobzalira itagwa kumapeto kwa Novembala ndinabzala, ndipo m'mawa mwake ndinapopera mankhwala osakaniza atrazine ndi metolachlor. Patapita masabata atatu munda unali wobiriwira ndi udzu. Ndinatenga botolo n'kubwerera kusitolo kumene ndinagula, mtima uli m'mwamba, ndikunena kuti andigulitsa mankhwala achinyengo. Amalume anga ndiwo anandibweza. Anandiitanira kumalire a munda, naloza mizere isanu ndi umodzi yakumapeto kumene makala anandithera ndisanafike, nandifunsa kuti, "Mphwanga, kodi kunoku unapopera ndi botolo lina?" Mizereyo inali mbee, yopanda ndi kaudzu komwe, pamene botolo linali lomwelo, sipuleya yomweyo, tsikunso lomwelo.

Chimene chimachitika m'kati mwa khala

Mukathyola khala la chitsononkho n'kuliyang'anitsitsa padzuwa, mudzaona timabowo tambirimbiri ngati ta chisa cha njuchi. Timeneto ndi tikulutikulu tokha. M'kati mwake muli tina tosaoneka ndi maso, kotero kuti makoma onse a m'galamu imodzi ya makala opsa bwino, atati ayalidwe pansi, akhoza kupitirira masikweya mita 100. Timabowo timeneti ndi timene timasunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu, n'chifukwa chake makala amathandiza m'nthaka ya mchenga. Koma khala silidziwa kusankha mlendo. Amayi athu amadziwa kale zimenezi, pakuti nyemba zikapserera amaponyamo khala kuti liyamwe fungo, ndipo kuchipatala munthu amene wamwa poizoni wa mitundu ina amapatsidwa makala okonzedwa mwapadera kuti agwire poizoniyo asanalowe m'magazi.

Mankhwala ambiri amene timagwiritsa ntchito m'munda maziko ake ndi kaboni, chimodzimodzi ndi makala. Atrazine, metolachlor, diuron, chlorpyrifos, DDT wakale uja, ngakhalenso oyilo wa galimoto, onsewa ali m'gulu limeneli. Ambiri a iwo sakonda kukhala m'madzi, ndipo akakumana ndi khoma la khala amamatirira pomwepo. Ena, monga atrazine ndi diuron, mamolekyu ake, kutanthauza tizigawo take tochepetsetsa, ali ndi mphete zophwatalala zimene zimagona pakhomalo monga mmene mbale imagonera pa mbale inzake, ndipo akalowa m'timabowo tothina kutuluka kumavuta. Mu 2003 ofufuza a ku America anayesa zotsalira za mapesi a tirigu ndi mpunga otenthedwa, napeza kuti zinkagwira diuron, amene ndi mankhwala opha udzu, kuposa dothi wamba kuyambira ka 400 mpaka ka 2,500. Ndi mphamvu yotere, makala safunika kuchuluka kuti asinthe khalidwe la nthaka yonse.

Tsono mankhwala opopera udzu usanamere amagwira ntchito pokhapokha atasungunuka m'madzi a m'nthaka, pa masentimita ochepa apamwamba, kumene kanjere ka udzu kamawayamwa pomera. Makala akawagwira, mankhwalawo amakhala alipo ndithu m'munda, koma udzu suwapeza. Mfundo imene ndikufuna kuti mlimi aliyense aigwiritse ndi yakuti kugwira si kuwononga. Makala amamanga mankhwala, sawapha, ndipo pafupifupi mavuto onse amene ndifotokoze pansipa amachokera pa kusiyana kumeneku.

Moto umene makala anapsa nawo nawonso uli ndi mbali yake. Opsa ndi moto wochepa, pansi pa madigiri 400, amakhala ndi timabowo tochepa ndipo amagwira mofooka. Opsa pa madigiri 600 kapena kupitirira amakhala ndi timabowo tambiri ndipo amagwira zolimba.

Musanaimbe makala mlandu

Si udzu uliwonse womera pambuyo popopera umene wabwera chifukwa cha makala, choncho yambani ndi kuchotsa zifukwa zina. Ngati mvula inadula kwa sabata kapena kupitirira mutapopera, mankhwala anangokhala pamwamba osalowa m'dothi. Ngati nozo ya sipuleya ndi yakutha, kapena wopopera ankayenda mothamanga, muyeso unachepa. Ngati munda unali wophimbidwa ndi mapesi ochuluka, gawo lina la mankhwala linatsalira pa mapesiwo. Kapinga samera kuchokera ku njere yokha koma ku mitsitsi yake yoyanza, ndiye atrazine sangathane naye. Yang'ananinso tsiku lotha ntchito pa botolo, komanso ngati mankhwalawo ndi olembetsedwa ku ZEMA, bungwe limene lamulo la zachilengedwe la 2011 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala oterewa m'dziko muno.

Chizindikiro cha makala n'chosavuta kuchiona munthu akadziwa poyang'ana: udzu umatsata mdima wa nthaka. Pamene pali dothi lakuda pali udzu wambiri, pamene makala anachepa pali poyera. Pamalo pamene panali uvuni wa makala kale, kapena pamene munaunjika mapesi n'kutentha, pamakhala ngati chilumba cha udzu pakati pa munda woyera. Chaka chilichonse chimene mukuthira makala, siyani dala mizere ingapo yopanda makala kuti mukhale ndi poyerekezera.

Vuto lalikulu lili pa malo amene mwaika makala

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Dothi la pa lima imodzi, kuyambira pamwamba kufika masentimita 20 pansi, limalemera matani pafupifupi 700. Mukasakaniza tani imodzi ya makala m'dothi lonseli, ndiye kuti pa makilogalamu 700 alionse a dothi pali kilogalamu imodzi ya makala. Koma mukamwaza tani yomweyo pamwamba, n'kukhala pa masentimita 2 okha, imasakanikirana ndi matani 70 okha a dothi, kutanthauza kuti mphamvu yake yachuluka kakhumi, ndiponso yachulukira pamalo enieni amene mankhwala amagwera. Ichi ndicho cholakwa chimene ndinachita ine, ndipo n'chimene ndimachipeza kwa ambiri odandaula.

Njira yabwino kwa ife olima pang'ono ndi kuika makala m'maenje a gamphani kapena m'mizere ya ripa, osati kumwaza munda wonse. Umu ndi mmene anachitira ofufuza a ku Norway, motsogozedwa ndi Gerard Cornelissen, pamodzi ndi a Conservation Farming Unit, bungwe lolimbikitsa ulimi wa gamphani, pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013. Anaika makala m'maenje obzalamo pa malo asanu m'Zambia muno, ndipo pa muyeso wa matani 4 pa hekitala chimanga cha m'nthaka ya mchenga ya ku Kaoma chinabereka katatu kapena kanayi kuposa chopanda makala, pamene m'malo ena a nthaka yabwinopo sipanaoneke kusintha kwenikweni. Zimenezi zikutichenjezanso kuti mlimi wa pa katondo wofiira, amene ndi wochuluka m'madera ozungulira Chipata, asayembekezere zimene anaona a ku Kaoma, ndipo amene ali ndi makala ochepa ayambire kumunda wa mchenga.

Pa hekitala pamakhala maenje pafupifupi 15,850 mukakumba motalikirana masentimita 90 ndi 70, choncho matani 4 amatanthauza magalamu pafupifupi 250 pa dzenje limodzi. Maenje onsewo pamodzi sakwana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a munda, ndiye kuti pakati pa mizere, pamene pamamera udzu wambiri, mankhwala amagwira ntchito bwinobwino. Sakanizani makalawo ndi dothi pansi pa dzenje, kenako phimbani ndi dothi lopanda makala lokwana zala zitatu kapena zinayi. M'dzenje mwenimwenimo udzu wina udzamerabe, ndipo umenewo ndi wozula ndi manja. Kumbukiraninso kuti mankhwala opaka pa mbewu, aja ofiira kapena obiriwira, nawonso akhoza kugwidwa, n'chifukwa chake njere isagone mwachindunji pa makala.

Chachiwiri ndi kuwakhutitsa makala asanapite kumunda. Makala atsopano ali ngati mlendo wofika ndi njala: amagwira chilichonse chimene akumana nacho. Asakanizeni ndi manyowa a m'khola kapena kompositi wonyowa, muwasiye pamthunzi masabata awiri mpaka anayi, mukutembenuza ndi kuwaza madzi. Madzi a manyowa amakuta makoma ndi kutseka timabowo tina, motero mphamvu yogwira mankhwala imatsikako, komanso chimanga sichichita chikasu m'masabata oyamba monga zimachitikira nthawi zina makala osakhutitsa akalimbirana nayitrojeni ndi mbewu. Ntchito imeneyi iyambe mu Seputembala kuti pofika mu Okutobala makala akhale ali kale m'maenje.

Kwa amene anamwaza kale pamwamba ndipo udzu wamera, chaka chino palibe chothandiza kuposa khasu kapena mankhwala olowera m'masamba. Mankhwala opopera udzu utamera, monga nicosulfuron ndi 2,4-D m'chimanga, sadalira kwenikweni nthaka, choncho makala sawasokoneza kwambiri, bola mutsatire msinkhu wa chimanga umene walembedwa pa botolo. Glyphosate, amene ambiri amapopera asanabzale, nayenso amalowera m'masamba, ndipo akagwa pansi amagwidwa makamaka ndi ayironi ndi aluminiyamu wa m'dothi. Chimene chimamulepheretsa iye ndi madzi amatope otunga kudambo komanso fumbi lokuta masamba, ndiye musamwaze makala osinja pa udzu umene mukufuna kupopera.

Vutoli silikhalitsa pa mlingo womwewo. Makala akamakalamba m'nthaka, dongo ndi zowola zimawakuta. Ku Australia anayesa makala amene anakhala m'munda miyezi 32, napeza kuti mphamvu yake yogwira atrazine ndi diuron inali itatsika kwambiri poyerekeza ndi atsopano. Chaka choyamba ndiye chovuta. Mukalima n'kuwasakaniza ndi dothi lapansi, chaka chachiwiri ndi chachitatu mankhwala amayamba kugwiranso.

Chifukwa chake simuyenera kuonjeza muyeso

Mayesero amene amadza kwa aliyense ndi kuthira zivundikiro ziwiri pamene botolo likunena chimodzi. Pa ichi ndikulankhula mochonderera, chifukwa ndi pamene vuto la udzu limasanduka vuto la madzi akumwa. Palibe amene amamwaza makala mofanana munda wonse. Pamene achuluka, muyeso woonjezawo udzagwidwabe. Pamene achepa, mankhwala ochulukawo adzatsala omasuka, adzawaula mbewu, ndipo mvula ya mu Januwale idzawatsitsira pansi kapena kuwakokolera kudambo, kumene kuli zitsime zathu zosazama. Atrazine amayenda mosavuta ndi madzi, ndipo mayiko a European Union anamuletsa mu 2004 chifukwa chopezeka m'madzi a pansi pa nthaka. Ife tikumugwiritsabe ntchito, ndiye tisamupatse mpata woposa umene ali nawo kale.

Palinso chifukwa china. Chimene chimawononga mankhwala m'nthaka makamaka ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawadya. M'nthaka wamba theka la atrazine limatha pakapita miyezi pafupifupi iwiri, malinga ndi chinyezi ndi kutentha. Koma akabisala m'timabowo ta khala tizilomboto sitimufikira, ndipo amakhala nthawi yotalikirapo, n'kumatuluka pang'onopang'ono. Phulusa limene limabwera ndi makala limachepetsanso asidi wa m'nthaka, chinthu chabwino kwa chimanga, koma atrazine ndi mankhwala a m'gulu la nicosulfuron amachedwa kusweka m'nthaka imene asidi wachepa kwambiri. Mukaonjeza muyeso mukukulitsa nkhokwe ya mankhwala imene mbewu ya chaka chamawa idzaipeze.

Soya kapena nshawa zikachita chikasu pambuyo pa chimanga

Kuno kum'mawa kasinthasintha wathu ndi chimanga, kenako soya, nshawa, mpendadzuwa kapena thonje, ndipo mbewu za masamba otambalalazi sizipirira atrazine monga chimanga. Kawirikawiri makala amaziteteza, pakuti zotsalira zimakhala zomangika. Ngozi imakhalapo pamene muyeso unaonjezedwa, kapena pamene chaka chathacho mvula inali yochepa moti mankhwala sanasweke. Mbewu yokhudzidwa imamera bwinobwino, kenako masamba akale amayamba chikasu kuchokera m'mphepete kulowera m'kati, mitsempha ili yobiriwira, ndipo pambuyo pake m'mphepetemo mumauma.

Mukhoza kudziyesera nokha mu Okutobala. Tengani dothi lapamwamba pa malo asanu kapena asanu ndi limodzi m'munda umene mukuukayikira, musakanize, muike m'zitini zitatu zoboola pansi. M'zitini zina zitatu muike dothi lofanana nalo la pamalo pamene simunapoperepo. Bzalani soya kapena nyemba m'zonse, muzithirira mofanana, muyembekezere masabata atatu. Za m'dothi lokayikitsa zikachita chikasu pamene zinzake zili zobiriwira, bwerezani chimanga kapena mapira m'mundamo chaka chimenecho popanda atrazine, ndipo muuze mlangizi wa kampu yanu. Ngati pakufunika kuyesa dothi mozama, iyeyo ndiye angakulozereni poyenera, kuphatikizapo ku siteshoni ya zofufuza zaulimi ya Msekera.

Makala enieniwo akabwera ndi poizoni

Nthawi zina vuto silikhala mankhwala a m'botolo ayi, koma makala opsa molakwika. Utsi ukatsekeredwa m'kati, monga zimachitikira mu uvuni wokwirira ndi dothi, phula la utsiwo limabwerera pa makala pamodzi ndi mankhwala otchedwa PAH, amene ena mwa iwo amayambitsa khansa. Makala otere amanunkha utsi, amasiya mafuta m'manja osachoka ndi madzi okha, ndipo m'kati nthawi zina amakhala ofiirira. Abwino alibe fungo, ndi opepuka, amalira ngati magalasi mukawagwedeza m'dengu, ndipo kuda kwake kumachoka m'manja mukangosamba. Mukakayika, fesani njere za repu m'mbale ziwiri, ina ya dothi lokha, ina ya dothi losakaniza ndi makalawo, muone ngati zimera mofanana.

Njira imene imachepetsa vutoli ndi dzenje lotambalala pamwamba, lothina pansi, lotengera ng'anjo ya Kon-Tiki imene bungwe la Ithaka Institute la ku Switzerland linatulutsa mu 2014. Mumakoleza moto pansi, n'kumaonjeza zitsononkho kapena mapesi a thonje pang'onopang'ono nthawi iliyonse pamene phulusa loyera layamba kuoneka pamwamba. Lawi limaphimba kukamwa kwa dzenje, kutentha utsi ndi kutsekereza mpweya kuti zapansi zisasanduke phulusa, ndipo pomaliza mumazimitsa ndi madzi ambiri. Koma dziwani kuti moto wa njira imeneyi ndi waukulu, choncho makala abwino kwambiriwa ndi omwenso amagwira mankhwala zolimba, ndipo malangizo a kukhutitsa ndi kufotsera aja akuwakhudza kuposa ena onse. Musaponyemo mapulasitiki, matayala, mabotolo a mankhwala, matabwa opaka utoto kapena mapolo onyikidwa m'mankhwala, chifukwa ena amatulutsa poizoni popsa ndipo ena amasiya poizoni wotchedwa aseniki amene moto sungamuthetse. Mitengo ya m'mapiri athu nayonso yatha kale mokwanira, ndiye makala a m'munda achokere ku zotsalira za m'munda.

Kudimba ndi pamalo otsukira sipuleya

Mphamvu yomweyi imene imasokoneza mankhwala a udzu ili ndi ntchito yabwino pamalo pamene tikufuna kuti poizoni amangike. Mu 2009 kunasindikizidwa kafukufuku wa anyezi wa masamba wobzalidwa m'dothi lokhala ndi chlorpyrifos ndi carbofuran, mankhwala opha tizilombo. Pamene anasakaniza makala opsa pa madigiri 850, gawo limodzi pa magawo 100 a dothi, chlorpyrifos wopezeka mu anyeziyo anatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi, carbofuran kufika pa kota, ngakhale kuti m'dothimo mankhwalawo anachedwa kutha. Choncho dimba limene lili kunsi kwa munda wa thonje, kapena limene lathiridwa mankhwala zaka zambiri, likhoza kupindula ndi makala osinja osakanizidwa bwino m'mabedi. Izi zikukhudza zolowera kumizu zokha. Mankhwala amene mwapopera pa tomato kapena pa repu makala a m'nthaka sawafikira, ndiye masiku oyembekezera musanathyole akhale monga alembedwera pa botolo.

Malo ena ndi pamene mumasungunulira mankhwala ndi kutsukira sipuleya, amene kwa ambiri a ife amakhala pafupi ndi chitsime chifukwa madzi ndi olemera kunyamula. Sankhani malo okwera, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, mukumbe dzenje lofika m'mawondo, mudzaze ndi dothi lapamwamba, mapesi odula ndi makala atsopano osinja. Pano makala asakhutitsidwe ndi manyowa, pakuti tikufuna timabowo take tonse tikhale totseguka. Madzi otsukira botolo katatu athireni m'sipuleya kuti akathere m'munda, ndipo m'dzenjemo muzigwera zodontha ndi madzi omaliza otsukira okha. Litchingeni ndi mitengo yaminga kuti ana, nkhuku ndi mbuzi asafikepo, musabzalepo chodyedwa, ndipo mvula ikakula muliphimbe ndi lata kuti lisasefukire.